A Chagada ndi Mzere wa Nyali Kumwamba

Pa maliro a bambo Yotamu Ngozo panalibe wowerenga mbiri. Mwambo umati bokosi lisanatsike, wina aimirire ndi kapepala, anene kuti malemuyu kwawo n'kuti, anagwira ntchito yanji, wasiya ana angati. Ngakhale chidakwa amachiwerengera mbiri. Tsiku limenelo woyendetsa mwambo anafunsa kawiri, "Alipo wa mbiri?" Tonse tinayang'ana pansi. Ine ndinali pomwepo, nyundo ili m'manja, chifukwa bokosilo ndinakhoma ndine. Nanenso ndinayang'ana pansi. Adzukulu anatsitsa zingwe, ndipo leveni koloko isanakwane tinali titabwerera kale.

Papita mwezi. Mbiriyo ndi iyi. Ndailemba ine Phiri, kalipentala, amene ndinakhala nawo mpanda umodzi ku Area 23 kuno zaka zoposa makumi awiri.

Chaka chimene anabadwa sindichidziwa. Iwo eni ake sankachidziwa. Kwawo kunali ku Ntcheu, kumene ali mnyamata anaweta ng'ombe za amalume awo. Ku Lilongwe anabwera mzinda ukumangidwa kumene. Anayamba ndi kuponda matope a njerwa, kenako analowa ulonda, ndipo ulondawo anaugwira mpaka mawondo atakana. Analondera masitolo a ku Bwalo la Njobvu, nyumba za mabwana ku Area 10, ndi mosungira fodya ku Kanengo. Akazi awo anamwalira kalekale. Mwana anali mmodzi, wamkazi, amene anakwatiwa ku Joni, ndipo makalata ake anasiya kubwera. Pa maliro sanafike. Sindidziwa ngati uthenga unamupeza.

Dzina la Ngozo ankalidziwa ndi ochepa. M'dera lonse anali a Chagada, chifukwa khosi lawo linali lopendekera kumbuyo ngati la nkhuku imene ikumwa madzi. Alonda ena amagona pa ntchito, ena amangootha moto. Iwo ankayang'ana kumwamba. Anachotsedwapo ntchito kamodzi chifukwa cha zimenezi. Akuba anatulutsa mabatire a galimoto ziwiri kumbuyo kwawo, iwo maso ali pa nyenyezi ya Nthanda. Nkhaniyi ankaifotokoza okha, opanda manyazi. Ankati mabatire bwana anagula ena mawa lake, koma mmene Nthanda inagundirana ndi mwezi m'bandakucha umenewo, sitolo yogulitsa zimenezo kulibe. Ine ndinawauza kuti amenewo ndi mawu a munthu wosasamala ntchito. Mpaka lero sindinasinthe maganizo.

Tinadziwana chifukwa cha mpando. Anabwera ku shedi kwanga atanyamula mpando wabwinobwino wa mlombwa, nati ndidule miyendo yakumbuyo zala zinayi.

"Mpandowu ulibe vuto," ndinatero.

"Vuto lili ndi khosi langa, a Phiri. Dulani."

"Ine mipando ndimakonza, sindilemaza."

"Ndiye ndibwerekeni sowo, ndiulemaze ndekha inu mukuonerera."

Ndinadula. Sowo yanga sindibwereka munthu. Kuyambira tsiku limenelo mpandowo unakhala chogadama pabwalo pawo, pamalo amodzimodzi, mpaka miyendo yake inakumba timaenje tinayi m'dothi. Munthu akausuntha, ngakhale posesa, unali mlandu.

Chifukwa chake chinali misomali. Pamwamba pa mpanda wa njerwa wa kum'mawa kwa bwalo lawo anakhomapo misomali italiitali, mitu ili m'mwamba, ina moyandikana, ina motalikirana. Ukakhala pa mpando uja, msomali uliwonse unkaloza pamene nyenyezi ina yake imatulukira. Uwu wa Nsangwe, tinyenyezi tounjikana tija. Uwu wa Akamwiniatsatana, zitatu zondondozana zija. Zina zimene sankadziwa maina ake anazipatsa maina a ng'ombe za amalume awo: Kafiira, Mchirawoyera, Nkhutukumve. Nsangwe zikayamba kutulukira pa msomali wake madzulo, ankayenda m'makomo kuuza amayi olima timinda ta ku Ngwenya kuti akonze mbewu, mvula yayandikira. Ena ankamvera. Wotchi analibe, koma ukawafunsa nthawi kutada ankakweza maso n'kukuuza, ndipo wailesi inkawavomereza. Misomaliyo inali yanga. Ankatola yopindika pansi pa benchi langa n'kukaiwongola ndi mwala.

Analinso ndi galasi loonera patali, la maso awiri, limene mzungu wina amene ankamulondera anataya. Diso limodzi linali lakufa. Ankalisunga m'sokosi.

Tinakangana zambiri. Ndinawauzapo kuti munthu wamkulu, mkhristu, kumathera moyo wake pa nyenyezi n'kupembedza zolengedwa. Anandifunsa ngati munthu woyamikira tebulo langa amakhala akunyoza ine. Koma mkangano waukulu unali wa babu. Akuba atandibera mapuleni awiri opalira matabwa, ndinaika babu lalikulu panja pa shedi, loyaka mpaka kucha. Mawa lake ndinapeza lavekedwa chitini cha penti, chobooledwa mbali ya kwanga yokha. Ndinachichotsa. Anachibwezera. Tinachita zimenezi sabata yathunthu osapatsana moni. Pomaliza anabwera chipewa chili m'manja, nati ndikazimitsa babulo shedi azilondera ndi iwo ali pa mpando wawo, poti tulo analibe kale. Anati babu limangoonetsa wakuba pamene pali loko, pomwe mlonda wokhala mumdima amaona wakuba asanaonedwe iye. Ndinazimitsa. Sindinabedwenso kanthu. Sindinawathokoze, chifukwa babulo linali langa ndipo linali pa malo anga.

Magetsi akazima, dera lonse limabuula. Iwo okha ankawomba m'manja. Ankati tauni ino inaba thambo, ndipo imalibweza pokhapokha magetsi akapita. Anthu ankawaseka, ndipo nthawi imeneyo kunali kuseka chabe. Ana ankabwera kudzasuzumira m'galasi muja kuti aone zipsera za pa mwezi, amayi awo akuwalola.

Zaka zitatu zomaliza palibe mwana amene anaponda pabwalopo. Mayi akakumana nawo panjira ankakokera mwana wake kuseri kwa chitenje. Pa mpopi ankawasiya atunge okha, ndipo akachoka wina ankatsuka pamene agwira. Miyala inkagwa pa denga lawo kawiri kapena katatu pa sabata. Ndili kwanga ndinkaimva. Ndinkatembenuka n'kufunda bulangeti. Mmene zinafikira pamenepo ndi motere.

Pa zinthu zoyenda kumwamba a Ngozo anali ndi malamulo awo, ndipo anandiphunzitsa ndisanawapemphe. Chophethira, cha nyali yofiira ndi yobiriwira, mkokomo ukubwera pambuyo, imeneyo ndi ndege yopita ku Lumbadzi. Chong'anima kamodzi n'kuthera pomwepo ndi nyenyezi yothothoka, ndipo palibe mfumu imene yafa. Koma pali zina zooneka ngati nyenyezi wamba, zoyenda mwakachetechete, osaphethira. Zimenezo ankangoti zoyenda. Anamva pa wailesi kale kuti ndi makina oponyedwa ndi anthu, ozungulira dziko. Chimene anachipeza okha pa ulonda n'chakuti zoyendazo zimaoneka dzuwa litangolowa kapena litatsala pang'ono kutuluka, ndiponso kuti madzulo zambiri sizifika kumapeto kwa thambo. Zimathima panjira, cha kum'mawa. Ankati zilibe moto wakewake, zimawala ndi dzuwa limene ife latilowera koma izo zikuliona, ndiye zikalowa mu mthunzi wa dziko zimathima. Ine ndinkafunsa kuti mthunzi wa dziko ungakhale bwanji kumwamba. Ankati ndikhale pansi ndione. Sindinkakhala.

Unali mwezi wa Juni, zaka zitatu zapitazo, kukuzizira. Sabata imeneyo m'dera lathu munatuluka maliro awiri a ana. Wachiwiri anali mwana wa Limbani, wa kabaza wa njinga yamoto, kamtsikana ka zaka zinayi. Kanatentha thupi Lolemba, Lachiwiri kanapita. Bokosi lake ndinakhoma ndine, ndipo mabokosi aang'ono ndimadana nawo. Anthu anali atayamba kale kunong'ona dzina la a Nachisale, mayi wokalamba wa ku Dedza amene amakhala yekha m'kanyumba kofolera ndi udzu, n'kumagulitsa makala a m'timapepala. Maso awo ndi ofiira ndi utsi. Akuti masiku apitawo anakalipira kamwanako chifukwa chomwaza makala, nati, "Uona." Mawu amenewo gogo aliyense amanena.

Lachitatu madzulo, titabwerako ku manda, magetsi anazima. Anthu tinali tikadali panja pa siwa, kwa Limbani. Mayi wina anakuwa, "Taonani kumwamba!"

Ndinayang'ana. Kuchokera mbali ya ku Bunda kunkabwera nyali zambiri pa mzere umodzi, zotsatana bwinobwino, zopanda phokoso. Ndinayesa kuwerenga, ndinasokonezeka nditapitirira makumi atatu. Ndakhalitsa pa dziko, koma zotere ndinali ndisanazionepo. Zinadutsa pamutu pathu mosafulumira, ndipo zitapendekera kum'mawa zinayamba kuthima imodziimodzi, kuyambira yakutsogolo, zonse pamalo amodzi, ngati zikulowa pakhomo. Kuchokera pamene tinaima, malo amenewo anali pamwamba penipeni pa denga la a Nachisale.

"Zatera! Zatera kwa Nachisale!"

"Ndege zimenezo! Abwera kudzadya mwana!"

Tonse tinakula tikumva kuti mfiti zimauluka pa lichero, ndipo zimasonkhana kumene kwagwa maliro atsopano. Panalibe wofunika kumufotokozera. Limbani anathamangira ku njinga yake, nasolola paipi, nadzaza petulo m'botolo. Gulu linatsika kanjira. Ine ndinatsatira. Ndimadziuza kuti ndinkapita kukaletsa, poti ndine mkulu wa mpingo. Sindinaletse aliyense.

Tinapeza a Ngozo afika kale. Anaima pakhomo pa a Nachisale, galasi lawo lili pakhosi, akupuma movutikira. Mkati munkamveka mayiyo akupemphera molira.

"Madala, tachokani apo," anatero Limbani. "Nkhani iyi si yanu."

"Mwana wanga, pepa ndi maliro. Koma zimene waonazo sizinatere pano."

"Tonse taona ndi maso!"

"Inenso ndaona. Ndinazionanso dzulo, inu muli m'nyumba ndi magetsi anu. Dzulo kwa ine zinathimira pamwamba pa tchalitchi. Tinene kuti abusa ndi mfiti?"

Wina anaseka, nadzigwira pakamwa. Mwamuna wina kumbuyo anakuwa, "Ndiye n'chiyani, a Chagada, poti inu ndi thambo mumadyera mbale imodzi?"

"Dzina lake sindilidziwa. Chibadwire sindinaone zoyenda zitandondozana chonchi, ngati ng'ombe zopita ku dibi. Koma mayendedwe ake ndawaona. Zili kutali kuposa ndege iliyonse. A ku Kawale aziona, a ku Mgona aziona, ndipo aliyense akuti zathimira pa denga la mnzake."

"Zaziii! Achoke amenewo!"

"Ndipatseni tsiku limodzi," anatero a Ngozo. "Mawa nonse mubwere pa bwalo la mpira dzuwa likangolowa. Seveni isanakwane zidzatulukiranso mbali ya ku Bunda. Zidzakhala zitatalikirana kuposa lero. Zidzathima panjira, nyumba iyi ili kumbuyo kwanu. Zikapanda kubwera, petuloyo sungani, mudzayambe ndi nyumba yanga."

Limbani anayang'ana botolo, nayang'ana anthu. Amuna akuluakulu amene ankafuna pothawira anayamba kunena kuti tsiku limodzi siliwoza mbewa. Zinatero. Anzake a Limbani anayi anagona pakhomo pa mayiyo kuti asathawe.

Pobwerera ndinalowa kwa a Ngozo. Ndinawapeza pa mpando, akulemba mizere pa dothi ndi msomali.

"Mukutsimikiza kuti zibwera?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndaziona kawiri kokha. Kawiri si kudziwa."

"Nanga mwalonjezeranji?"

"Munali ndi mawu ena inu, a mkulu wa mpingo?"

Ndinapita kwanga.

Tsono mumvetse mmene malowo alili. Nyumba ya a Nachisale ili kumadzulo kwa bwalo la mpira. Nyumba zathu ziwiri, yanga ndi ya a Ngozo, zili kum'mawa kwake, moyandikana.

Lachinayi bwalo linadzaza. Mbiri inali itayenda, moti anabwera anthu a ku Kaliyeka ndi ku Chipasula, mpaka ogulitsa mbatata zootcha. A Nachisale anawabweretsa atawagwira mikono. Mphunzitsi wina anakweza foni, akuti anthu a kwina akunena kuti ndi makina, koma anamuzazira. "Foni yakoyo iukitsa mwana?" Anaibweza m'thumba. Sikisi inakwana. Nyenyezi zinatuluka. A Ngozo anaima okha pakati pa bwalo, manja kumbuyo, khosi chogadama.

"Madala, ng'ombe zanu zija zasochera?"

"Mwina zadyedwa ndi fisi!"

Limbani sankaseka. Ankangogwedeza botolo.

Kenako a Ngozo anakweza dzanja. Zinatulukira mbali ya ku Bunda, monga ananenera. Zinali zitatalikirana, monga ananenera. Bwalo lonse linakhala zii, mpaka ndinamva mwana akuyamwa kumbuyo kwanga. Zinadutsa pamutu pathu, zinapendekera kum'mawa, n'kuthima imodziimodzi. Nyumba ya a Nachisale inali kumbuyo kwathu. Kutsogolo, pansi pa malo amene zinathimira, panali madenga athu awiri.

Kwa kanthawi ndinaganiza kuti nkhani yatha. Kenako mayi wina anafunsa, osakweza n'komwe mawu, "Koma iwowa anadziwa bwanji?"

Funso limenelo linayenda m'bwalo ngati moto wa pa udzu wouma.

"Nthawi ya minibasi amaidziwa ndi kondakitala wake!"

"Zaka zonsezi timati akuwerenga nyenyezi, kani amalondera bwalo la ndege!"

"Nanga misomali ija pa mpanda ndi ya chiyani?"

Wina analoza chala. "Zathimira uko, kwa a Phiri okhoma mabokosi. Ana akamafa, ntchito imayendera ndani?"

Maso anatembenukira kwa ine. Ndinati, mokweza kuti onse amve, "Denga langa ndi ilo la kumanzere. Pamene zathimira ndi pa a Ngozo."

Mawu okhawo ndi amene ndinalankhula pagulu masiku awiri onsewo. Sanali abodza kwenikweni. Ndawatembenuza zaka zitatu, ndipo sindinapeze mbali imene ali oyera.

A Nachisale anakuwa kuposa onse. "Mwaona! Si ine! Ndi awa, ndi awa!" Amene anawagwira aja anawasiya mikono.

A Ngozo sanatsutse. Anayang'ana ine kamodzi, natembenuka, nayamba kuyenda kupita kwawo, gulu lili pambuyo. Anawagwetsera pa geti. Galasi lija analiponda ndi nsapato. Limbani anayatsa botolo naliponya pa denga. Moto unathamanga pa malata, unatsikira pa chitseko, unawaula mtengo wa papaya, n'kutha wokha. Apolisi atafika anawapeza ali pansi, nthiti zitathyoka, akufufuza zidutswa za galasi ndi dzanja limodzi. Anawatenga kupita nawo ku chipatala. Atatuluka m'chipatala, ambiri ankayembekeza kuti apita kwawo ku Ntcheu. Anabwerera konkuno. Anati misomali yawo ili kuno, ndipo ku Ntcheu angayambe liti kukhoma ina.

Pasanathe sabata, wailesi inanena kuti nyali zija zinali makina a intaneti, oponyedwa ambiri nthawi imodzi, ndipo zinaoneka m'maiko ambiri. Achinyamata ankaonetsana zithunzi m'mafoni. Anthu anavomera. Koma ankati, "Chabwino, ndi makina. Nanga iwowo anadziwa bwanji wailesi isananene?" Dzina la ufiti likakumata silichoka ndi sopo. Mwana aliyense wodwala pambuyo pake, dzina lawo linkatchulidwa.

Nkhani inafika pa bwalo la akulu a mpingo. Tinagwirizana kuti a Ngozo ayambe aima kudya mgonero mpaka mitima ya anthu itazizira. Ndinakweza nawo dzanja. Mitima sinazizire. Iwo ankabwerabe Lamulungu lililonse, atavala jekete yawo ya ulonda, n'kukhala pa benchi lakumbuyo. Benchi limenelo limakwana anthu asanu ndi atatu. Ankakhalapo okha.

Ndinatha chaka ndi theka osaponda pabwalo pawo. Nthawi yonseyo babu langa linali lozimitsa, ndipo shedi yanga sinabedwe. Ndinkadziwa chifukwa chake. Ndinkamva chifuwa chawo kuseri kwa mpanda. Tsiku lina chifuwacho chitakula, ndinalowa. Ndinawapeza pa mpando, atafunda thumba pamwamba pa bulangeti. Sanadabwe. Anandilozera njerwa yoti ndikhalepo.

Ndinayamba ndi nkhani ya a Nachisale. Mayiyo anali atabwerera pa malonda ake, anthu akugula makala ngati kale, ndipo akakumana ndi a Ngozo ankalavula pansi. Ndinati munthu wotere alibe chiyamiko. Iwo anati ndimusiye, malovu amenewo ndiwo mpanda wake. Tsiku limene adzawapatse moni masana, anthu adzakumbukira kuti poyamba zinathimira pa denga lake.

Kenako ndinafunsa chimene ndinabwerera.

"A Ngozo, inu wodziwa pamene nyenyezi iliyonse imatulukira, simunadziwe kuti tikaima pa bwalo la mpira zidzathimira pa denga lanu?"

Anatsokomola nthawi yaitali asanayankhe.

"Zikanathimira pa denga la wina, a Phiri. Dera lino paliponse mungaime, kutsogolo kuli denga."

"Ndiye munasankha lanu."

"Ndinkayembekeza kuti akaona ndalondola adzachita manyazi n'kubalalika. Pamenepo ndinaphonya. Zakumwamba ndinaziwerenga bwino, anthu ndiwo ndinawaphonya. Koma ndinati ngati zivute, zivutire kuno. Denga la mayi uja ndi laudzu. Langali ndi lamalata. Malata sapsa, amangosokosa."

"Nanga langa? Linali pomwepo."

"Inu ndinadziwa kuti mudzadzilankhulira."

Ananena zimenezi opanda mkwiyo, ngati mmene ankanenera kuti Nsangwe zatuluka. Panali mawu amene ndinayenera kunena. Ndinati chitseko chawo chopsa chija sichikutsekeka bwino, ndibwera mawa. Ndinabwera. Ndinawakhomera chatsopano cha mlombwa, mahinjesi atatu. Anachiyesa kawiri, nati ntchito yanga ndi yabwino. Tinasiyira pomwepo.

Anamwalira mwezi watha, nyengo yozizira ngati yomwe ija. Ndinawapeza mmawa ali pa mpando, nkhope kumwamba, mame ali pa bulangeti. Maso anali otsegula. Ndinawatseka ndine. Khosi linavuta kuwongola, moti m'bokosi ndinaika katsamiro ka utuchi kuti mutu ukhale bwino. Adzukulu anachita kuwachonderera kuti akumbe. Pa siwa tinagona amuna asanu, ndipo nyimbo zinatha msanga chifukwa amayi oimba sanabwere. Mmawa wa tsiku loika tinapeza thumba la makala pa geti, lodzaza, lomanga bwino. Mwini wake sanaoneke. Limbani anadutsa ndi njinga yake dzuwa litakwera. Atafika pa masamba amene tinaika pamsewu anazimitsa injini, natsika, nakankha mpaka atapitirira, mutu uli pansi. Mwambo umatero kwa maliro a aliyense. Sanalowe.

Mbiri yawo ndi imeneyi. Anali Yotamu Ngozo, wa ku Ntcheu, mlonda. Wasiya mwana mmodzi. Sanali mfiti. Ndanena ine Phiri, mochedwa.

Nyumba ilipo, yotseka. Mphwawo wina anabwera kuchokera kumudzi maliro atapita, nalemba ndi choko pa geti kuti ikufuna wokhalamo. Anthu amabwera, amafunsa kwa oyandikana nawo, sabweranso. Papaya uja sanaphukenso. Mpando ndinautenga, uli m'shedi mwanga pamwamba pa matabwa, poti palibe angaugule: ukakhalapo umangoona denga. Pa mpanda misomali yatsala khumi ndi umodzi, ina anazula otola zitsulo. Yotsalayo yachita dzimbiri, ndipo sindidziwa kuti wa Nsangwe ndi uti, wa Kafiira ndi uti. Anandiuza kambirimbiri. Sindinkamvera.

Sabata yatha ndabwezeretsa babu panja pa shedi, chifukwa tsopano kulibe mlonda. Limayaka mpaka kucha. Kuwala kwake kumadumpha mpanda n'kugwera pabwalo pawo, pa timaenje tinayi tija, timene fumbi layamba kukwirira. Mmawa uliwonse ndikatuluka ndimayamba ndayang'ana babulo. Palibe amene waliveka chitini.